Funsani Amisiri: Ndiphunzire Luso Liti?

Makalata a mwezi uno achuluka pa nkhani imodzi, yosankha ntchito yamanja yoti munthu adzadyere moyo wake wonse. Tasankhapo asanu, ndipo oyankha ndi aphunzitsi a zaluso pamodzi ndi amisiri a muno mu Chipata.

FUNSO: Ndinamaliza Giredi 12 chaka chatha. Ndikufuna kosi yazamanja koma mutu waima pakati pa zamagetsi, kuwotcherera ndi kumanga. Anzanga akuti ndalama zili ku magetsi. N'zoona? (Mnyamata wa ku Mchini, Chipata)

YANKHO: Achimwene, anzanuwo akunena zomwe amaona ndi maso. Wamagetsi amafika ndi kachikwama, sada ndi matope, ndipo ndalama yomwe amalandira tsiku limodzi womanga amaitolera masiku angapo. Koma tayang'anani nyumba imodzi yomweyo. Womanga amakhalapo miyezi, kuyambira pa maziko mpaka pulasitala. Wowotcherera amapanga mafelemu a zitseko ndi mawindo, mabagala, geti, mwinanso nsanja ya thanki. Wamagetsi amabwera kawiri kokha: kudzaika mapaipi ndi timabokosi khoma lisanapakidwe, kenaka kudzakoka mawaya denga litatha. Eni nyumba ambiri kuno ndalama zimawathera pa malata, amalowa m'nyumba mawaya asanakokedwe n'komwe. Choncho werengani masiku omwe mmisiri amaitanidwa pa chaka m'dera lomwe mudzakhale, musangoona malipiro a tsiku limodzi.

Zimenezi mungazifufuze nokha. Tengani kope Loweruka m'mawa, yendani kuchokera ku Kapata kukafika ku Down Shops, lembani malo onse owotcherera ndi opala matabwa omwe mwaona, ndipo pa alionse onani ngati pali ntchito yodikira kapena amisiri angokhala pa benchi. Lowaninso m'mashopu ogulitsa zomangira, mufunse kuti kasitomala akafuna mmisiri, ndi wa ntchito yanji yemwe amavuta kupeza. Anthu a m'mashopuwa amadziwa kuposa aliyense.

Chachiwiri ndi zipangizo, chifukwa satifiketi yopanda zida imakusiyani mukugwirira ena ntchito zaka zambiri. Za womanga zimakwana m'thumba limodzi: chipande, levulo, chingwe, tepi, sikweya ndi hamala, ndipo malaiti akapita iye amangopitiriza. Wowotcherera amafunika makina, galainda, chigoba chakumaso, magolovesi achikopa, malo ogwirira ntchito ndi magetsi odalirika. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, ZESCO inkazimitsa magetsi maola ochuluka tsiku lililonse, ndipo owotcherera opanda jenereta ankadikira usiku kuti agwire ntchito. Kajenereta kounikira m'nyumba sikanyamula makina owotcherera. Pamafunika ya 5 kVA kapena kuposerapo. Zida za wamagetsi sizidula kwambiri, koma iye ndi amene pepala limamufunika koposa, chifukwa a ZESCO salumikiza nyumba ku magetsi mawaya ake asanayenderedwe, ndipo ntchito zikuluzikulu zimafuna munthu wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia.

Pomwe achinyamata ambiri amadzinamiza ndi pa mutu ndi thupi lawo lomwe.

Zamagetsi ndi masamu a tsiku ndi tsiku. Ketulo ya mawati 2,000 pa mavoti 230 imakoka maampu pafupifupi 9, ndipo muyenera kutha kuwerengera zimenezi muli chiimire. Mababu amayendera waya wa 1.5 mm², masoketi wa 2.5 mm², sitovu wa 6 mm². Wina akaika sitovu pa waya wa 2.5 n'kuikapo breaker (swichi yodula magetsi yokha akachuluka) yaikulu kuti isamagwe, wayayo amatentha m'kati mwa khoma breaker ili chete, ndipo ndi mmene nyumba zina zimapsera. Palinso nkhani ya maso. Mawaya timawasiyanitsa ndi mitundu: wofiira ndi wakuda, kapena wabulauni ndi wabuluu, ndiye wobiriwira wa mizere yachikasu wopita pansi. Amuna ena sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira ndipo sadziwa kuti ali ndi vutoli. Kayezetseni maso musanalipire fizi.

Kuwotcherera kumafuna dzanja losanjenjemera ndi mtima wodekha. Rodi (kandodo kowotcherera) ya 2.5 mm imayenda bwino pa maampu 70 mpaka 90, ya 3.2 mm pa 100 mpaka 130. Mukakweza moto pa chubu chopyapyala mumachiboola. Mukautsitsa kwambiri rodi imangomatirira. Marodi omwe alowa chinyontho amasiya timabowo m'kati mwa msoko, kunja kukuoneka bwino. Chitsulo chikatentha chimakoka, n'chifukwa chake felemu timayamba taigwirizitsa pang'ono m'makona onse anayi, n'kuyeza mopingasa mbali zonse ziwiri kuti miyezo ifanane, kenaka n'kuwotcherera zenizeni. Wothamanga amatulutsa felemu yopotoka yomwe chitseko sichitsekeka. Ndipo tikupempheni, musatengere omwe mumawaona m'mbali mwa msewu atavala magalasi adzuwa. Magalasi amenewo sateteza maso ku kuwala kwa moto wowotcherera. Ululu wake umabwera usiku, ndipo maso akazolowera kupsa chonchi amaonongeka.

Kumanga kumadya msana ndipo ndi ntchito ya padzuwa, koma nakonso kuli ndi masamu ake. Kona yolondola timaipeza ndi tepi: mamita 3 mbali iyi, 4 mbali inayo, mopingasa pakhale 5. Matope omangira mabuloko ndi thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 ku mawilibala atatu a mchenga osasefukira. Khoma la mita imodzi m'litali ndi m'lifupi limadya mabuloko 12 ndi theka, ndipo konkire imafuna kuthiriridwa masiku osachepera 7, apo ayi imang'aluka. Womanga wodziwa kuwerenga pulani ndi kuwerengera katundu ndiye amasanduka folomani. Wosadziwa amakalamba akulipidwa pa buloko. Dziwaninso kuti ntchitoyi ili ndi nyengo. Imachuluka alimi akagulitsa chimanga, soya, nsawawa ndi fodya, n'kuchepa mvula ikagwa mu Disembala mpaka Malichi.

Maganizo athu ndi awa. Ngati masamu ndi sayansi munakhoza bwino, tengani Craft Certificate (satifiketi ya umisiri ya kusukulu yazaluso) ya zamagetsi n'kuwonjezerapo za sola, chifukwa sola ndiyo idzakupatsani ntchito m'miyezi yomwe nyumba zatsopano kulibe. Ngati masamu ankakuvutani, musakakamire chifukwa cha anzanu. Kuwotcherera ndi kumanga kumadyetsa mabanja ambiri m'tauni muno. Musanalembetse kulikonse, pemphani mmisiri kuti mumuthandize masabata awiri, ngakhale popanda malipiro. Pofika Lachisanu lachiwiri thupi lanu lidzakhala litakuuzani.

FUNSO: Mwana wanga analekeza Giredi 9. Akufuna umakanika wa galimoto, koma kuno kumudzi galimoto n'zowerengeka ndipo magetsi kulibe. Sindikufuna apite kutauni akatayike. Ndimulangize bwanji? (Bambo wa ku Chadiza)

YANKHO: Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo mwanayonso sanalakwe kukonda mainjini. Umakanika wa galimoto umafunadi tauni, ndipo galimoto za masiku ano zambiri zimayamba zalumikizidwa ku kompyuta kuti vuto lidziwike, makina omwe wongoyamba sangagule. Koma injini zomwe zili kwanuko n'zambiri kuposa mmene mukuganizira: njinga zamoto zonyamula anthu ndi katundu, timainjini topopa madzi kudimba, ndi injini za dizilo za zigayo. Wodziwa imodzi savutika kuphunzira zinazo.

Ayambe ndi njinga zamoto. Zida zake n'zochepa: masipanala kuyambira 8 mpaka 19, sipanala ya pulagi, zotsegulira matayala, pampu, timasamba tachitsulo toyezera mpata wa mavavu, ndi multimeter yoyezera magetsi. Matenda ambiri a njinga za kumudzi amachokera ku fumbi ndi kunyalanyaza. Fyuluta ya mpweya ikang'ambika kapena wina akaichotsa kuti njinga "ipume", fumbi limalowa n'kudya maring'i, njinga n'kuyamba kufuka utsi ndi kumwa oilo. Tcheni chimafunika kusewera masentimita 2 kapena 3. Chikamangitsa chimadya mano a magiya ndi mabering'i, chikakhwefuka chimavuka pa liwiro. Mavavu amayezedwa injini itazizira, osati itangoima kumene. Mnyamata wodziwa kufotokozera mwini njinga zinthu ngati zimenezi makasitomala samuthawa.

Pali ntchito ina yomwe achinyamata saiganizira, yokonza mijigo. Mjigo ukamafuna kupopa nthawi yaitali m'mawa madzi asanatuluke, ndiye kuti kavavu kapansi kakudontha kapena paipi yaboola, madzi amabwerera pansi usiku. Ukamatulutsa madzi ochepa pomwe mukupopa mwamphamvu, timalabala ta pisitoni tatha. Pa mjigo wa Afridev ndodo ndi pisitoni zimatuluka mapaipi ali momwemo, anthu awiri n'kumaliza. Pa India Mark II pamafunika kukweza mapaipi onse achitsulo, ndiye pamafunika zida zapadera ndi anthu angapo, ndipo paipi ikapulumuka n'kugwera pansi ntchito yakula. Kafunseni ku khonsolo, ku ofesi yoona za madzi akumidzi, za maphunziro a okonza mijigo.

Za sola nazo kumudzi n'zofunika, koma ziphunziridwe bwino, chifukwa mabatire ambiri amafa ndi umbuli wa woika. Kuno tili kum'mwera kwa ikweta, choncho panelo iyang'ane kumpoto, itapendekeka madigiri pafupifupi 15 kuti mvula izitsuka fumbi. Panelo ya mawati 300 pa maola asanu a dzuwa lamphamvu imapereka 1,500 Wh (mawati kuchulukitsa ndi maola) papepala, koma mukachotsa zotayika mumatsala ndi 1,100 kapena kuposerapo pang'ono. Batire la asidi la mavoti 12 ndi 200 Ah limasunga 2,400 Wh, koma logwiritsa ntchito ndi theka lokha. Mukamalikama mpaka kuuma tsiku lililonse silimaliza chaka. Kulumikiza panelo ku batire popanda kontirola (kabokosi kowongolera kutchaja) kumaliwiritsa.

Giredi 9 simutsekera khomo. Maphunziro a Trade Test, okonzekeretsa mayeso a luso lamanja, amalandira otere. Apite miyezi ingapo akaphunzire, abwerere adzatsegule pamsika wapafupi, munda asausiye. Chimodzi mumuuze inu mwini monga kholo: kumudzi chomwe chimagwetsa amisiri ndi ngongole za abale. Ndalama ya sipeya azilandira asanagwire sipanala.

FUNSO: Ndili ndi zaka 22. Kwathu akuti ndiphunzire zosoka chifukwa ndiyo ntchito ya akazi, koma ine mtima uli pa zamapaipi. Kodi mkazi angadye nayo ntchitoyi? (Mtsikana wa ku Katete)

YANKHO: Achemwali, angadye nayo, ndipo sitikunena mongokusangalatsani. Koma tiyambe ndi zomwe akwanu akunena, chifukwa utelala si ntchito yonyozeka. Makina opalasa ndi mapazi safuna magetsi, ndipo mungagwirire pakhonde. Vuto ndi lakuti zovala wamba salaula anazilanda. Ndalama ya telala ili pa mayunifomu a sukulu mu Januwale, a amayi a m'mipingo, maukwati, ndi zovala za chitenge nthawi ya Nc'wala mu Febuluwale ndi Kulamba mu Ogasiti. Matelala ndi ambiri pamsika uliwonse, ndipo amene amapambana ndi wodziwa kuyeza ndi kudula, chifukwa kupalasa makina aliyense amaphunzira msanga.

Apulambala odziwadi ntchito ndi ochepa, makamaka m'maboma ngati Katete, Sinda ndi Nyimba. Nyumba zatsopano zikuikidwa zimbudzi zamadzi, anthu akukumba zitsime n'kuika mathanki, ndipo sukulu zogonera komweko, zipatala ndi malo ogona alendo zimafuna wokonza chaka chonse. Paipi ikaphulika mwini nyumba sadikira kuti akolole, n'chifukwa chake ntchitoyi ilibe nyengo yakufa ngati kumanga.

Mphamvu imafunika pokumba ngalande ndi kuswa khoma, koma zimenezo mmisiri aliyense amalemba womuthandiza. Chomwe amakulipirani ndi muyezo. Paipi ya chimbudzi ya 110 mm itsike masentimita 2 ndi theka pa mita iliyonse. Ikagona kwambiri zonyansa zimaima ndipo pakapita miyezi yochepa yatsekeka. Pansi pa sinki pamakhala kapaipi kokhota kosunga madzi, ndiko kamatsekereza fungo. Nyumba ikamanunkha, yambani mwaona pamenepo ndi paipi yotulutsa mpweya. Mphamvu ya madzi a m'thanki imachokera ku kutalika kwa nsanja: mamita 10 amapereka bar imodzi (bar ndi muyezo wa mphamvuyo). Thanki yokhala pa mamita 3 ili mita imodzi yokha pamwamba pa shawa, ndiye madzi amangodontha, mwini nyumba n'kumaimba mlandu mpope. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza imalemera matani 5, choncho pulambala wanzeru amakana kuikweza pa nsanja ya zitsulo zopyapyala. Dzenje la zonyansa likhale kumunsi kwa chitsime, mamita osachepera 30. Ndipo mapaipi onse a m'khoma ayesedwe ndi madzi pulasitala asanapakidwe, chifukwa kudontha kopezeka matailosi ataikidwa kumawonongetsa ndalama zambiri ndi dzina lanu lomwe.

Zovuta zilipo. Makasitomala ena adzakukayikirani tsiku loyamba, ndipo pamalo omanga pamakhala amuna ambiri a pakamwa posasamba. Nthawi yophunzirira ntchito kunja ikafika, sankhani malo odziwika kudzera kusukulu, ndipo wokuvutitsani mukamunene kwa aphunzitsi msanga. Akwanu atengeni akaone okha kusukuluko. Makolo ambiri amafewa akaona atsikana ena atavala ovolosi ali pa ntchito.

FUNSO: Ndagwira ukalipentala kwa amalume zaka 6. Mabedi, zitseko ndi madenga ndimapanga, koma pepala ndilibe. Ndibwerere kusukulu kukayambira pansi? (Kalipentala wa ku Petauke)

YANKHO: Ayi, achimwene, simufunika kuyambira pansi. TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira maphunziro a zaluso, lili ndi njira yoyesa anthu omwe anaphunzirira pa ntchito. Mayeso a Trade Test ali ndi masitepe atatu: Level 3 ndi yoyambira, Level 1 ndi yapamwamba. Pitani ku sukulu yazaluso yovomerezeka, muwauze zaka zomwe mwagwira, mutenge zithunzi za ntchito zanu ndi kalata ya amalume.

Konzekerani pomwe ophunzirira pamanja amagwera kawirikawiri. Ambiri anazolowera mainchi ndi kuyeza ndi diso, pomwe mayeso amabwera ndi chojambula cha mamilimita. Ena anazolowera misomali ndi guluu, kulumikiza kwa kabowo ndi lilime kosagwedera anakusiya. Amafunsanso za chitetezo ndi za matabwa: mlombwa kapena paini wosauma amaoneka bwino tsiku logulitsa, koma akauma chitseko chimapindika ndi kung'aluka, choncho matabwa aunjikidwe pamthunzi ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa.

Pepalalo lidzakutsegulirani ntchito za madesiki ndi madenga a sukulu, zomwe zimafuna bizinesi yolembetsedwa ku PACRA (ofesi yolembetsa mabizinesi), nambala ya msonkho ya TPIN ya ku ZRA, ndipo pa zomangamanga, kulembetsa ku National Council for Construction. Phunziraninso kuika mtengo. Lembani matabwa, guluu, misomali, vanishi, mayendedwe ndi magetsi, onjezani masiku anu ndi kutha kwa zida, kenaka phindu. Akalipentala ambiri aluso amasauka chifukwa amawerengera matabwa okha.

FUNSO: Mwana wanga wasankha kale kosi, koma fizi ndilibe. Ndamva za CDF. Ndiyambire pati, ndipo ndidziwa bwanji kuti sukulu ndi yeniyeni? (Mayi wa ku Lundazi)

YANKHO: Amayi, mwamva zoona. Mu 2022 ndalama ya CDF, yomwe boma limapereka pa chitukuko cha madera, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo gawo lina limalipirira achinyamata maphunziro a zaluso. Choyamba mwana apeze kalata yomulandira kusukulu yovomerezeka ndi TEVETA. Kenaka atenge fomu kwa a Ward Development Committee (komiti ya chitukuko ya wadi) a kwanuko kapena ku khonsolo, aphatikizepo kalatayo ndi kope la NRC yake. Fomuyi ili ndi nyengo yake yolandirira, choncho funsani akhansala msanga, musadikire Januwale. Ofuna ndi ambiri ndipo si onse amasankhidwa. Sungani makope a zonse zomwe mwapereka. Funsaninso bwino zomwe thandizolo likulipira, chifukwa nsapato zolimba, ovolosi, sopo ndi mayendedwe nthawi zina zimatsalira kholo.

M'chigawo chathu muli sukulu za boma monga Chipata Trades Training Institute ndi Ukwimi Trades Training Institute, palinso za mipingo ndi za anthu wamba. Iliyonse yomwe mwasankha, pemphani kuona satifiketi yake ya TEVETA, ndipo onetsetsani kuti kosi ya mwana wanuyo yalembedwapo, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka pa zosoka koma n'kumaphunzitsa zamagetsi popanda chilolezo. Funsani kuti mayeso omaliza amakonza ndani. Ngati ndi sukulu yokhayo, pepalalo olemba ntchito ambiri salilandira. Craft Certificate kawirikawiri ndi zaka 2 ndipo imafuna Giredi 12, pomwe Trade Test ndi ya miyezi ingapo mpaka chaka. Wokulonjezani Craft Certificate m'miyezi itatu akukunamizani.

Musathere mu ofesi. Pemphani kulowa m'chipinda chogwirira ntchito tsiku la maphunziro, muwerenge makina omwe akuyenda ndi ophunzira omwe akuwadikira. Ngati makina owotcherera ndi amodzi ndipo ana ndi 40, mwana wanu azigwira rodi mphindi zochepa pa sabata. Funsaninso komwe ophunzira a chaka chatha anatumizidwa kukaphunzirira ntchito, ndipo pemphani kulankhula ndi mmodzi wa iwo musanalipire kalikonse.